Torakusu Yamaha, Wokonza Mawochi Amene Anapangira Ana a Sukulu Limba

Dzina lakuti Yamaha si lacilendo kumidzi. Limaoneka pa mthuthuthu wa mlangizi wa zaulimi, pa injini ya boti la asodzi, ndiponso pa limba la magetsi limene anyamata a kwaya amaliza m'chalichi. Oimba m'mabandi amalidziwanso pa magitala ndi pa ng'oma zao. Anthu ambiri amayesa kuti ndi dzina la mzinda kapena la fakitale cabe. Komatu linali dzina la munthu, mmisiri wa ku Japan amene anamwalira mu 1916. Munthu ameneyu sanauone mthuthuthu wa dzina lake, ndipo sanapangepo ng'oma ngakhale imodzi, koma ndiye analambula njira imene amisiri a dziko lake anadzera pamene anayamba kupanga zoimbira zochipa zimene mwana wa munthu wamba akanatha kuzifikira.

Torakusu Yamaha anabadwa mu 1851, ndipo anali mwana wamwamuna wacitatu m'banja mwao. Atate ake anali a gulu la ankhondo ochedwa samurai, otumikira mafumu a dera la Kishu, limene lero lichedwa Wakayama. Sanali a udindo waukulu iai. Nchito yao inali ya kupenda nyenyezi ndi kuwerengera masiku, kotero kuti m'nyumbamo munali mabuku ndi tizipangizo toyezera zinthu, ndipo mnyamatayo anakula akukonda kumasula ndi kumanganso ciri conse cimene cinali ndi zitsulo.

Pa nthawi imeneyo dziko la Japan linali litadzitsekera kwa zaka zoposa 200, osafuna alendo koma owerengeka okha. Torakusu ali wa zaka 17, mu 1868, ulamuliro wa akulu a nkhondo unagwa ndipo mphamvu zinabwerera kwa Mfumu Meiji. Boma latsopanolo linatsimikiza mtima kuphunzira nzeru za Azungu mofulumira, kuopa kuti dzikolo lingagwidwe monga anagwidwira maiko ena. Mabanja a samurai ndiwo anamva kuwawa kwa kusinthaku. Malipiro amene ankalandira cifukwa ca kubadwa kwao anathetsedwa, ndipo mu 1876 analetsedwa ngakhale kuyenda ndi malupanga ao. Mwana wa samurai wosauka anafunika kupeza luso la manja, apo ai akanagona ndi njala.

Mu 1871 Torakusu anapita ku Nagasaki, doko limene kunali kufikira alendo, kumene anaphunzira kupanga ndi kukonza mawochi kwa mmisiri wina wa ku England. Atacoka kumeneko anakhala ku Osaka, naphunzira kukonza zipangizo za m'cipatala. Nchito imeneyi ndiyo inamfikitsa ku Hamamatsu m'zaka za m'ma 1880. Hamamatsu unali mzinda waung'ono pa mseu waukulu wa pakati pa Tokyo ndi Kyoto. Zipangizo za pa cipatala ca kumeneko sizinali zambiri, motero iye ankalandira nchito iri yonse imene yabwera, wochi yakufa kapena makina ena ali onse. Anali atapitirira zaka 35, wopanda cuma, wopanda dzina.

Tsono boma linali litalamula kuti ana a sukulu aziphunzira kuimba monga aphunzirira ana a ku Europe ndi America. Mu 1879 linakhazikitsa ofesi yoona za nyimbo ku Tokyo, ndipo mkulu wake anali Shuji Isawa, mphunzitsi amene anaphunzira ku America. Bvuto linali lakuti nyimbo zoterozo zimafuna coimbira cotsogolera mau a ana, ndipo malimba abwino anali kucokera kunja pa mtengo woopsa. Sukulu ina ya ana aang'ono ku Hamamatsu inacita mwai, inapeza limba la ku America la mtengo wa ma yen 45. Linasungidwa ngati cuma ca mzinda wonse. Koma mu 1887 limbalo linaleka kulira, ndipo panalibe munthu wodziwa za mkati mwake. Pamenepo anaitana wokonza mawochi uja.

Limba la mtundu umenewo silifuna magetsi. Woimba amaponda matabwa awiri ndi mapazi, ndipo matabwawo amayendetsa mvukuto wofanana ndi uja wa osula makasu, kungoti malimba a ku America amakoka mpweya m'malo mwa kuupopa. Mkati muli timalilime tamkuwa tambiri, tina tatitali, tina tatifupi. Cala cikadinikiza pa malo ake, kacitseko kamatseguka, mpweya umadutsa pa kalilime kamodzi, ndipo kalilimeko kamanjenjemera ndi kutulutsa liu lake. Torakusu atatsegula anapeza kuti tizitsulo tiwiri tofwamphuka tinali titathyoka, basi. Kwa munthu wozolowera mkati mwa wochi, imeneyi sinali nchito. Koma iye sanafulumire kutseka. Anayeza ciwalo ciri conse, nacijambula pa pepala, ndipo mbiri imene imasimbidwa ku Hamamatsu imati anawerengera kuti limba lotero akanalipanga ndi ma yen 3 okha.

Ndalama analibe, koma anapeza bwenzi. Kisaburo Kawai anali mmisiri wosula zokometsera za citsulo ndi mkuwa, ndipo anabvomera kupereka nyumba yake, manja ake ndi ndalama zake zocepa. Awiriwa anagwira nchito miyezi iwiri, napanga limba lao loyamba. Atalionetsa kwa aphunzitsi a m'deralo, palibe amene anasangalala nalo. Linali kulira ndithu, koma mau ake sanali kukoma, ndipo sipanapezeke wofotokoza cimene cinalakwika.

Apa ndi pamene pali nkhani imene ana a ku Hamamatsu amaimva kufikira lero. Torakusu anaganiza zotengera limbalo kwa akatswiri a ku Tokyo, mtunda wa makilomita ngati 250. Njanji yolumikiza mizinda iwiriyi inali isanathe, pakuti inatsirizidwa mu 1889. Motero, monga isimbidwira nkhaniyo, iye ndi Kawai anamangirira limbalo ku mtengo, naliika pa mapewa monga ankanyamulira macila kale, nakwera nalo mapiri a Hakone. Amene anasenzapo thumba la cimanga kucokera kumunda kufika ku msika angathe kuyerekeza mmene mapewa ao analiri pofika.

Ku Tokyo sanalandire ciyamikiro cimene anayembekezera. Isawa anaona kuti thupi la limbalo linapangidwa bwino, koma anaweruza kuti silikanatha kugwiritsidwa nchito, popeza mau ake sanachunidwe. Torakusu anali atatsanzira utali ndi kukula kwa kalilime kali konse, koma sanadziwe kuti mau a nyimbo za Azungu amakwera mwa masitepe oyezedwa, ndi kuti liu liri lonse liyenera kugwirizana ndi anzake. Maso anali ataona zonse, khutu ndilo linali lisanaphunzire. Munthu wina akanapsa mtima ndi kubwerera ku mawochi ake. Iye anapempha kuti amphunzitse, ndipo Isawa, amene ayenera kuyamikidwa pa cimeneci, anamlola kukhala m'kalasi pamodzi ndi ophunzira. Kwa mwezi umodzi bambo wa zaka 36 anakhala pakati pa acinyamata, akuphunzira za kagwirizanidwe ka mau.

Kuchuna kalilime ndi nchito ya kuleza mtima. Mmisiri akapala pang'ono kunsonga kwake, kalilimeko kamapepuka ndipo liu limakwera. Akapala kutsinde, liu limatsika. Akapitiriza muyezo, kalilime konse katayika. Comutsogolera ndi kacitsulo ka mphanda ziwiri kamene, kakamenyedwa, kamalira liu limodzi losasintha. Torakusu anabwerera kwao ndi nzeru imeneyi, ndipo amasimba kuti ankagwira nchito kuyambira mbandakuca kufikira pakati pa usiku, pamene Kawai anagulitsa katundu wake kuti nchito isaime. Limba laciwiri litafika ku Tokyo, akatswiriwo anabvomereza kuti likanatha kulowa m'malo mwa malimba ocokera kunja. Kacitsulo ka mphanda ziwiri kaja sanakaiwale. Cizindikiro coyamba ca kampani yake, mu 1898, cinali mbalame yoluma kacitsulo kotero, ndipo tizitsulo titatu topingasana timene tiri pa thanki ya mthuthuthu wa Yamaha ndi tomweto. Oyendetsa ambiri sadziwa kuti anyamula cida ca wochuna malimba.

Sukulu zinali kumangidwa m'dziko lonse, ndipo iri yonse inali kufuna limba. Maoda anayamba kubwera. Mu 1889 anakhazikitsa kampani ya malimba pamodzi ndi anthu ena amene anaikamo ndalama, koma mgwirizanowo unasweka patangopita zaka ziwiri cifukwa ca kusamvana. Iye ndi Kawai anayambanso. Pa 12 October 1897 panabadwa kampani yochedwa Nippon Gakki, ndiko kunena kuti zoimbira za Japan, ndi cuma coyambira ca ma yen 100,000, ndipo Torakusu ndiye anali mtsogoleri wake woyamba. Zaka 10 zokha zinali zitapita cicokere tsiku lija anatsegula limba la pa sukulu.

Mtima wake unali pa piyano, cida cobvuta kuposa limba kutali. Piyano iri ndi nsambo zacitsulo zoposa 200 zokokedwa mwamphamvu, ndi tinyundo tambiri timene tiyenera kumenya ndi kubwerera m'kanthawi kocepa. Mu 1899 anapita ku America, nakhalako miyezi 5 akuyendera mafakitale a piyano, pakati pao a Steinway, Kimball ndi Mason & Hamlin. Ankayang'ana, kufunsa, kulemba, ndipo anagula makina ndi ziwalo zimene kwao kunalibe. Mu 1900 kampani yake inatulutsa piyano yoyamba yoimirira, ndipo mu 1902 inatulutsa yaikulu yogona, ya mtundu umene umaikidwa m'nyumba za makonsati. Caka comweco boma linampatsa mendulo ya ulemu ya riboni yobiriwira. Mu 1904, pa cionetsero ca maiko onse ku St. Louis m'dziko la America, piyano ndi limba za ku Hamamatsu zinalandira mphotho, m'dziko lomwe lija kunacokera limba lothyoka.

Sanali kugwira yekha. Pakati pa ana amene anawaphunzitsa nchito panali Koichi Kawai, amene analowa m'fakitale ali wa zaka 11, nakula kukhala katswiri wa tinyundo ta piyano. Mnyamata ameneyu ndiye anadzayambitsa kampani yake-yake ya Kawai mu 1927, imene inadzakhala mpikisano waukulu wa Yamaha mu mzinda womwewo. Torakusu anatumikiranso m'khonsolo ya mzinda wa Hamamatsu. Mu 1914 kampani inayamba kupanga hamonika, kaja kamene amaliza ndi pakamwa, ndipo popeza nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatseka malonda a Germany, kumene kunali kucokera mahamonika ambiri, a ku Japan anapeza msika m'maiko akutali. Iye sanaone mathero a nkhondoyo. Anamwalira pa 8 August 1916, ali ndi zaka 65.

Otsala anapitiriza. Luso la kupala matabwa linawafikitsa pa kupanga zopukusa mphepo za ndege, ndipo makina a zitsulo amene anatsala nkhondo yaciwiri itatha ndiwo anapangira mthuthuthu woyamba mu 1955, pansi pa utsogoleri wa Genichi Kawakami. Dzina lakuti Nippon Gakki linakhalabe kufikira 1987, pamene kampani inatenga dzina la mwini wake pokumbukira zaka 100 za limba loyamba.

Koma njira yake yeni-yeni, ya kutsegula cida ca mlendo, kuciyeza, ndi kucipanga pa mtengo wocepa, inaonekera kwambiri pa ng'oma za mabandi, ndipo oyamba kuitsata sanali a kampani yake. Ng'oma za bandi zisiyana ndi za kumudzi. Ya kumudzi imasemedwa ku mtengo umodzi, imakutidwa ndi cikopa, ndipo woimba amaiwamba pa moto ndi kumata phula kuti imveke bwino. Za bandi zimakhala zingapo pamodzi: yaikulu yomenyedwa ndi phazi, ina yokhala ndi mawaya kunsi kwake, zina zazing'ono pamwamba, ndi mbale zamkuwa pambali pake. Thupi lake ndi matabwa opyapyala omatidwa pamodzi ndi kupindidwa, ndipo cikopa cake cimakokedwa ndi mabauti. Zochuka zinali za ku America, monga Ludwig, Gretsch ndi Slingerland, ndipo mtengo wake unali wa oimba olemera.

Mu 1946, mzinda wa Tokyo uli mapulusa, munthu wina dzina lake Katsumi Yanagisawa anayamba kupanga zoikapo mapepala a nyimbo. Mu 1950 anatembenukira ku ng'oma, ndipo kampani yake inachedwa Pearl. Mu 1961 anamanga fakitale ku Chiba yopanga ng'oma zochipa zotumiza kunja. Ku Nagoya nako, banja la Hoshino, limene linayamba ndi sitolo ya mabuku mu 1908, linadzayambanso kupanga ng'oma zochedwa Star. Ndiye mu February 1964 gulu la Beatles linaonekera pa wailesi ya kanema ku America, Ringo Starr ali kumbuyo kwa ng'oma zake za Ludwig, ndipo anyamata osawerengeka anayamba kubvutitsa makolo ao. Makolowo sakanatha kugula Ludwig. Za ku Japan ndizo zinali pafupi ndi thumba lao, makamaka popeza dola imodzi inali kusinthidwa ndi ma yen 360 kuyambira 1949 kufikira 1971.

Codabwitsa ndi cakuti zambiri mwa ng'oma zimenezi sizinali ndi dzina la wozipanga. Wamalonda ali yense wogula zambiri ankasankha dzina lake, ndipo fakitale inkangokhomerapo kambale ka dzinalo. Pearl yokha inapangira amalonda oposa 30, ndipo ng'oma zofanana zinatuluka ndi maina monga Apollo, Majestic, Whitehall, Stewart, Crest ndi Maxwin. Matabwa ake anali a mtengo wofewa wa lauan wa ku Philippines, ndipo kunja kwake ankakutira ndi pulasitiki yonyezimira ya mitundu-mitundu. Maonekedwe anali otengera za ku America, koma zitsulo zake zinali zopyapyala. Miyendo inali kupindika, mabauti anali kutha mano, ndipo oimba odziwa ankaziseka. Kunena zoona, zina mwa izo zinali zoyeneradi kusekedwa. Koma pa ng'oma zoterezi ndi pamene ana ambiri anaphunzirira kugwira timitengo, ndipo ena mwa iwo anadzakhala akatswiri.

Monga zinacitikira kwa Torakusu ku Tokyo, kunyozedwa kunawaphunzitsa amisiriwo. Mu 1966 Pearl inatulutsa ng'oma za oimba a nchito zochedwa President. Mu 1967, patapita zaka 51 cimwalirire mwini dzina, Yamaha nayo inayamba kugulitsa ng'oma zake, ndipo kuyambira paciyambi inalunjika pa zabwino. Mu 1974 a Hoshino anayamba kugulitsa ng'oma zao zolimba ndi dzina lakuti Tama. Ndalama ya yen itakwera mphamvu, nchito ya ng'oma zochipa inayamba kusamukira ku Taiwan, kumene Pearl inatsegula fakitale mu 1973. Pofika m'zaka za m'ma 1980, oimba ochuka a ku America ndi Britain anali kukhala kumbuyo kwa ng'oma za ku Japan mosacita manyazi, ndipo makampani akale a ku America ndiwo anali kubvutika.

Zochipa zija sizinathe zonse. Zambiri zinatayidwa, zina zinagona m'nyumba zosungiramo katundu kwa zaka makumi-makumi, ndipo masiku ano pali anthu amene amazifuna-funa. Ena ndi okalamba amene akufuna kuonanso ng'oma yofanana ndi imene atate ao anawagulira ali ana. Ena ndi oimba acinyamata amene apeza kuti matabwa ofewa ndi opyapyala aja, akawasalaza m'mphepete ndi kuikapo cikopa catsopano, amatulutsa liu lakuya ndi lofatsa limene limamveka bwino pojambula nyimbo. Amapukuta dzimbiri, amamatanso pulasitiki yomatuka, ndipo amatsutsana kwa nthawi yaitali pa za fakitale imene inapanga ng'oma yakuti-yakuti, pakuti dzina la pa kambale silinena kanthu. Kuti adziwe ngati ndi ya Pearl kapena ya Star, amapenda kapangidwe ka tizitsulo togwira mabauti, ndipo nthawi zina cimene amapeza cokha ndi mau ang'ono-ang'ono osonyeza kuti inapangidwa ku Japan.